NDALAMA ZA GOLIDE ZA KU SPAIN: MFUMU IKANAMA, WOLIRA NDI MLIMI

Yolembedwa ndi Mtolankhani Wathu

Mumzinda wa Madrid, likulu la dziko la Spain ku Ulaya, muli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale yochedwa Museo Arqueológico Nacional. M'nyumbamo asungamo ndalama imodzi ya golide imene ukulu wake ufanana ndi pakamwa pa kapu ya tiyi, ndipo ilemera magalamu 45. Inasulidwa mumzinda wa Sevilla m'caka ca 1360. Mbali imodzi ili ndi nkhope ya Mfumu Pedro I wa dziko la Castilla atavala cisoti cacifumu, ndipo mbali inayo ili ndi malinga awiri ndi mikango iwiri. Ndalamayi sinali yogulira zinthu pamsika ai. Inali yoonetsa ulemerero wa mfumu, yoyenera kupatsidwa monga mphatso kwa anthu omveka. Patangopita zaka 9, mu 1369, mwini nkhopeyo anaphedwa ndi mbale wake wa mimba ina pamalo ochedwa Montiel. Mfumu inapita, ufumu unasintha manja, koma ndalama ija ikali yonyezimira kufikira lero.

Mwina ena mwa inu awerengi a ku Katete, Chadiza, Petauke kapena Lundazi mufunsa kuti, “Nanga ife alimi zitikhudza bwanji ndalama za mafumu a kutsidya kwa nyanja amene anafa zaka zoposa 500 zapitazo?” Funsolo ndi labwino. Yankho langa ndi lakuti m'ndalama zimenezi munalembedwa nkhani imene mlimi aliyense aidziwa bwino, ndiyo nkhani ya muyeso woona ndi muyeso wonama.

Cidwi canga pa ndalama zakale cinayambira kwa agogo anga akazi. Iwo anali ndi kacitini ka fodya m'mene anasungamo makobiri obooka pakati a nthawi ya Citaganya, aja okhala ndi njovu ziwiri. Sanali kugulanso kanthu, koma agogo sanafune kuwataya, pakuti kobiri lililonse linali kuwakumbutsa mtengo wa mcere ndi nsalu pa masiku a utsikana wao. Kucokera pamenepo ndinayamba kuona kuti ndalama ndi mboni, ndipo nditakula ndinakonda kuwerenga za ndalama za maiko ena ndi kuyang'anitsitsa zithunzi zake. Mwa zonse zimene ndawerenga, za ku Spain ndizo zandigwira mtima koposa.

GOLIDE WA KU AFRICA

Pa zaka zimene tikunenazi, kuyambira ca m'ma 1200 kufikira 1500, Spain sanali dziko limodzi monga alili lero. Kunali ufumu wa Castilla, umene unali waukulu, ufumu wa Aragón, ufumu wa Navarra, ndiponso kumwera kunali ufumu wa Asilamu wa Granada. Asilamu anaoloka nyanja kucokera ku Africa m'caka ca 711, ndipo kwa zaka mazana ambiri iwo ndi Akristu anali kumenyana, kucita malonda, ndi kuphunzitsana nzeru.

Migodi ya golide imene Aroma anakumba kale ku Spain inali itasiyidwa. Nanga golide wosulira ndalama anali kucokera kuti? Akatswiri a mbiri yakale agwirizana kuti wambiri anali kucokera kumadzulo kwa Africa, kumadera a Bambuk ndi Bure, kumene lero kuli maiko a Mali, Senegal ndi Guinea. Anthu akuda anzathu ndiwo anali kumkumba ndi kumsefa m'mitsinje. Amalonda anali kumsenzetsa ngamila ndi kudutsa cipululu ca Sahara kufikira mzinda wa Sijilmasa m'dziko la Morocco, ndipo pobwerera anali kutenga mcere, nsalu ndi mkuwa. Munthu wina woyenda maulendo, Ibn Battuta, anadutsa njira imeneyi mu 1352, ndipo kucokera ku Sijilmasa kufika ku Walata anatha miyezi iwiri.

Anthu a ku Spain anali kudziwa bwino kumene cuma cimeneci cinali kucokera. Mu 1375 pacilumba ca Mallorca panajambulidwa mapu ochuka a dziko lapansi, amene lero asungidwa ku Paris. Pa mapuwo, pansi pa cipululu, anajambulapo Mansa Musa, mfumu ya ku Mali imene inapita ku Mecca mu 1324, itakhala pampando ndi golide m'dzanja. Motero pamene ndiyang'ana cithunzi ca ndalama ya Mfumu Pedro, ndiona nkhope ya mzungu, komanso ndikumbukira thukuta la munthu wa ku Africa amene dzina lake silinalembedwe paliponse.

Golideyu anali kulowa m'manja mwa mafumu acikristu mwa njira ziwiri: malonda, ndi msonkho umene mafumu a Granada anali kupereka kwa mafumu a Castilla kuti akhale pa mtendere.

MARAVEDÍ NDI DOBLA

Ngakhale maina a ndalamazo aonetsa kumene zinacokera. Ca m'ma 1172 Mfumu Alfonso VIII anayamba kusula ndalama ya golide mumzinda wa Toledo, yochedwa maravedí. Dzinali linacokera ku dzina la Almoravid, banja lacifumu la Asilamu a ku Morocco, amene ndalama zao zinali zokhulupirika kwa amalonda onse. Alfonso anatsanzira ndalama zao kotero kuti analemba mau ake m'zilembo za Ciarabu, koma anaikapo mtanda ndi mau acikristu. Anadziwa kuti wamalonda salandira ndalama imene saizolowera.

Pambuyo pake kunabwera ndalama ina yokulirapo yochedwa dobla, yolemera magalamu 4.6, imenenso inatsanzira ndalama ya Asilamu. Iyi ndiyo inakhala ndalama yaikulu ya Castilla kwa zaka zoposa 200. Ndalama ija ya Pedro imene ndachula poyamba inali ya madobla 10 pamodzi. Ku Aragón nako Mfumu Pedro IV anayamba mu 1346 kusula ndalama yake ya golide mumzinda wa Perpignan, motsanzira ndalama ya mzinda wa Florence ku Italy.

Kasulidwe kake kanali ka manja. Golide anali kumsungunula, kumsansantha kuti akhale wopyapyala, ndi kumdula tizidutswa tozungulira. Kacidutswa kalikonse anali kukaika pakati pa zidindo ziwiri zacitsulo, ndipo mmisiri anali kumenya ndi nyundo. Ndico cifukwa cake palibe ndalama ziwiri za nthawi imeneyo zofanana ndendende. Zina ndi zokhota m'mbali, zina mau ake anatuluka mwatheka.

Mphamvu ya ndalama yotere inagona pa zinthu ziwiri: kulemera kwake ndi kuyera kwa golide wake. Kulemera anali kuyesa pa sikelo yaing'ono. Kuyera anali kuwerenga m'magawo 24, amene osula golide awachula kuti makarati. Golide wopanda cosakaniza ndi wa magawo 24 onse. Dobla yabwino inali ya magawo 23 ndi magawo atatu a magawo anai, ndiye kuti yotsala pang'ono kukhala golide yekhayekha. Wosintha ndalama anali kukhala ndi mwala wakuda umene anali kukhuzapo ndalama kuti aone mtundu wa mzere wotsalapo. Koma munthu wamba analibe sikelo, analibenso mwala. Iye anali kungokhulupirira nkhope ya mfumu. Nkhopeyo inali lonjezo lakuti, “Ine ndayesa, iwe landira.”

PAMENE LONJEZO LINASWEKA

Mfumu Juan II, amene analamulira Castilla kuyambira 1406 kufikira 1454, anasula dobla yatsopano yokhala ndi cishango ca mzere wopingasa, yochedwa dobla de la banda. Lamulo la 1442 linanena kuti golide wake akhale wa magawo 19 okha. Anacepetsadi golide, koma ndiganiza kuti apa sitingamuche wonama, pakuti analengeza poyera, ndipo ndalamayo inali ndi cizindikiro cake cake cimene aliyense akanatha kucizindikira.

Zoipa zinadza m'masiku a mwana wake, Enrique IV, amene analowa ufumu mu 1454. Poyamba anasula ndalama yabwino ya golide yochedwa ndi dzina lake lomwe, enrique, yoonetsa mfumu itakhala pampando ndi lupanga m'dzanja. Koma akalonga ake anamuukira. Pa 5 Juni 1465, kunja kwa linga la mzinda wa Ávila, iwo anaika fano lamtengo pansanja monga mfumu, nalivula cisoti, nalilanda lupanga ndi ndodo yacifumu, naligwetsa pansi. Pomwepo analonga ufumu mng'ono wake Alfonso, mnyamata wa zaka 11. Dziko linakhala ndi mafumu awiri, ndipo yense anali kusula ndalama zake. Za mnyamatayo zinamuonetsa atakwera pakavalo. Iye anamwalira mu 1468 ali ndi zaka 14, ndipo cifukwa ca kufupika kwa nthawi yake, madobla ake ali pakati pa ndalama zosowa kwambiri lero.

Nkhondo idya ndalama. Pofuna kugula mitima ya akalonga, Enrique anayamba kupereka cilolezo cosulira ndalama kwa anthu amphamvu monga mphoto. Wolemba mbiri wina wa masiku amenewo anati nyumba zosulira ndalama, zimene kale zinali zowerengeka pa zala, zinafika 150. Aliyense anali kusungunula ndalama zabwino, kuthiramo mkuwa, ndi kusula zambiri zonyenga, zokhalabe ndi nkhope ya mfumu. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunja enrique anali kuwala monga kale, koma m'kati munali bodza.

Tsono apa ndipo pagona mtima wa nkhani yanga. Mlimi wa ku Castilla, wolima tirigu ndi kuweta nkhosa, mwina sanagwirepo ndalama ya golide moyo wake wonse. Ndalama yake inali kakobiri kochedwa blanca, ka mkuwa wosakaniza ndi siliva pang'ono. Makobiri amenewa ndiwo anaonongedwa koposa, pakuti kucotsamo siliva kunali kosavuta ndipo osauka sakanatha kuzindikira. Munthu wolemera anali kubisa golide wake wakale wabwino ndi kulipira anchito ake ndi makobiri oipa. Mlimi anali kugulitsa tirigu weniweni, wolimidwa ndi thukuta lenileni, nalandira mkuwa wopakidwa dzina. Mitengo ya zinthu inakwera, ndipo wolemba mbiri yemwe uja anafotokoza kuti m'madera ena anthu anakana ndalama, nabwerera ku kusinthana zinthu, tirigu ndi vinyo.

Tingaone kugwa kwake mwa kuwerenga. Maravedí, imene poyamba inali ndalama ya golide, inasanduka dzina cabe lowerengera mitengo. M'masiku a Pedro I dobla imodzi inali maravedí 35. Pofika 1483 ndalama ya golide ya kulemera komweko ndi kuyera komweko inali maravedí 485. Golide sanasinthe; cimene cinafooka pafupifupi ka 14 ndi ndalama ya munthu wamba. Ife amene tinaona mu Januwale 2013 pamene K1,000 inasanduka K1 ndipo makobiri anabwerera m'matumba mwathu, tidziwa kuti dzina la ndalama likhoza kukhala lomwelo pamene mphamvu yake yasintha.

Pa nchito yanga yotola nkhani ndafika m'midzi yambiri nyengo yokolola. Ndaonapo wogula woyendayenda atapacika sikelo yake pamtengo, ndipo thumba la nshawa limene mwini wake analiyesa bwino kunyumba lapezeka lacepa. Ndaonapo meda yogulira yofutukuka m'mimba, ndi meda yogulitsira yokhomedwa pansi. Mai wina wacikulire anandiuza motsitsa mau kuti, “Mwananga, ndidziwa kuti andibera, koma ndilibe sikelo yanga.” Mau amenewo akanatha kunenedwanso ndi mlimi wa ku Castilla m'caka ca 1470. Wosowa coyesera akhala ndi moyo mwa kukhulupirira mnzake, ndipo kumnamiza munthu wotere ndiko kuba koipitsitsa.

KUKONZA ZOONONGEKA

Enrique yemwe anayesa kubweza zinthu. Mu 1471, ku Segovia, analamula kuti nyumba zosulira ndalama zitsale 6 zokha. Koma mfumu imene yataya ulemu, lamulo lake silimveka msanga. Nchitoyo inatsirizidwa ndi mlongo wake Isabel, amene analowa ufumu mu 1474, pamodzi ndi mwamuna wake Fernando, amene anakhala mfumu ya Aragón mu 1479. Mu 1475 iwo anabwezera ndalama ya golide pa muyeso wake wakale, ndipo pa 13 Juni 1497, mumzinda wa Medina del Campo, anaika lamulo lalikulu la ndalama.

Lamuloli linakhazikitsa ndalama yochedwa excelente de la granada, yolemera magalamu 3.5, ya golide woyera monga dobla yakale, ndipo mtengo wake unali maravedí 375. Ndalama ya siliva yochedwa real inaikidwa pa maravedí 34. Nyumba zosulira zinali 7: Burgos, Cuenca, Granada, La Coruña, Segovia, Sevilla ndi Toledo. Iliyonse inali ndi cizindikiro cake: Sevilla cilembo S, Toledo T, La Coruña cigoba ca nkhono ya m'nyanja, Segovia cithunzi ca ngalande yake yamiyala yomangidwa ndi Aroma. Cimene ine cindikondweretsa koposa ndi ici: woyesa golide m'nyumba iliyonse anayenera kuika cizindikiro cake pa ndalama. Ikapezeka yoperewera, mwini mlandu anali kudziwika. Bodza likula kumene kulibe woyankha.

Pa ndalamayi pali nkhope ziwiri, ya Fernando ndi ya Isabel, zopenyana, zonse zovala zisoti, ndipo mozungulira analembapo m'Cilatini mau a mu Uthenga wa Mateyu onena za ukwati. Pansi pa cishango anaikapo cipatso ca khangaza, cimene m'cinenero cao ndico granada, cokumbutsa kuti pa 2 Januwale 1492 anagonjetsa ufumu wotsiriza wa Asilamu. Kuti tione kukula kwa mtengo wake, wamalinyero wodziwa nchito pa ulendo wa Columbus wa 1492 anali kulandira maravedí 1,000 pamwezi. Ndiye kuti kandalama kamodzi aka kanali malipiro a masiku 11.

Koma ndisakometse mafumuwa mopitirira. M'caka comweco ca 1492 analamula kuti Ayuda onse okana kubatizidwa acoke m'dziko, ndipo anawaletsa kutuluka ndi golide, siliva kapena ndalama. Mabanja amene anakhala ku Spain kwa mibadwo yambiri anagulitsa nyumba ndi minda pa mtengo wa cabecabe. Sikelo ya mafumuwa inali yoona pa golide, koma pa anthu amenewa inali yokhota. Ndalama yoyera siyeretsa dzanja loigwira.

Ngakhale zili tero, excelente inakhulupirika kwambiri, kotero kuti Isabel atamwalira mu 1504 ndi Fernando mu 1516, anthu anapitiriza kusula ndalama za maina ao kwa zaka zambiri. Amalonda a maiko ena anali kuzifunafuna ndi kuzitulutsa m'dziko cifukwa ca kuyera kwake, mpaka mu 1537 mdzukulu wao Carlos anayambitsa ndalama ina yochedwa escudo, ya magawo 22.

CIFUKWA CAKE ZISOWA

Golide sacita dzimbiri ndipo ciswe sicimudya. Nanga bwanji ndalamazi zatsala zocepa? Mdani wa ndalama ya golide ndi moto wa wosula. Mfumu yatsopano inali kusungunula za mnzake kuti isule zake. Zabwino zinasungunulidwa ndi onyenga, zoipa zinasungunulidwa ndi okonza, zina zinasanduka mphete ndi zikho za m'chalichi. Zambiri zimene zapulumuka ndi zija zimene munthu wamantha anakwirira mumphika kapena kubisa m'khoma pa nthawi ya nkhondo, ndipo sanabwerenso kudzazitenga. Cuma ndi mcira wa khoswe, sicicedwa kupululuka.

Ngakhale m'nyumba yosungiramo zakale sizinakhale pa mtendere. Mu Novembala 1936, nkhondo ya paciweniweni ili m'kati ku Spain, akuluakulu a boma anafika ku nyumba ija ya ku Madrid natenga ndalama za golide zoposa 2,700, ndipo sizinabwerenso. Anchito ena a m'nyumbamo anabisa zina zamtengo wapatali, nazipulumutsa. Zina zinaoloka nyanja mwa malonda. Munthu wina wolemera wa ku America, Archer Huntington, anasonkhanitsa ndalama zakale pafupifupi 38,000 zokhudza mbiri ya Spain, ndipo pakati pake panali yaikulu ya ma excelente 50. Zonsezo zinagulitsidwa pamodzi mu 2012 kudzera mwa kampani ya Sotheby's.

Lero osonkhanitsa ndalama zakale alipira mitengo yoposa kutali golide amene ali m'ndalamazo, pakuti agula kusowa kwake ndi mbiri yake. Ndipo akatswiri ali ndi makina otha kuyesa golide wa ndalama popanda kuikanda. Taonani tsono cimene cacitika. Mafumu aja anali ndi alembi owatamanda ndi oimba owayamika, ndipo onsewo anatha kukometsa mbiri. Koma kandalama kakaikidwa pa sikelo kanena zoona zokhazokha za nyumba imene kanasulidwamo, ngakhale papite zaka 550. Amene anathira mkuwa usiku anayesa kuti palibe adzadziwa.

Ndico cifukwa cake ndinena kuti nkhaniyi ndi yathu. Ambiri a ife sitidzagwirapo dobla kapena excelente, monganso mlimi wa ku Castilla sanaigwire. Koma aliyense wa ife ali ndi muyeso wina m'manja mwake: wogula ali ndi sikelo, wogulitsa ali ndi meda, wa cigayo ali ndi citini, msungicuma wa kalabu ali ndi buku. Pali munthu wina amene alibe coyesera, amene angodalira mau athu. Timuyesere moona, pakuti dzina la munthu likhalitsa kuposa phindu la tsiku limodzi.